Mlonda wa Mkanda Wobiriwira

Ine ndimadziwa munthu poona mmene wavekera msilikali wake. Ndipatseni foni ya mlendo, mundibisire nkhope yake ndi dzina lake, ndingoona nsapato ndi mikanda imene waveka asilikali ake a m'gemu, ndikuuzani ngati ali woumira, ngati amadzuka mochedwa, ngati mkazi wake amamuopa kapena amamuseka. Lero ndili ndi maminibasi awiri, chigayo, ndi sitolo ya penti yachikasu imene imaoneka munthu adakali kutsidya kwa mlatho, koma zonsezo n'zazing'ono. Luso langa lenileni ndi limeneli, ndipo ndinalinola ndikuyenda wapansi.

Kwa inu amene simunaisewerepo, gemuyo imayenda chonchi. Umakhala ndi asilikali anayi, adani nawonso anayi, ndipo samenyana mwachipwirikiti. Aliyense amadikira nthawi yake ngati pamzere wa pamjigo: wopepuka miyendo amayamba, wolemera amatsiriza. Asilikaliwo sugula ngati mbuzi pamsika. Pali chitsime. Ukapambana nkhondo umatola timiyala, n'kuponya m'chitsimemo, madzi n'kuwira, n'kutuluka amene watuluka. Kawirikawiri amatuluka wamba, a mikondo yopindika. Mwa apo ndi apo madzi amasanduka agolide, ndipo onse amene ali pafupi amasiya zimene akuchita. Mayina awo enieni ndi a chinenero chakutali, lilime limakana, choncho ife tinawapatsa athu.

Amene anandilowetsa m'zimenezi ndi msuwani wanga Elube, mwana wa amalume. Ankakonza mafoni m'kakontena ka buluu pamsika wa tauni ina ya kuchigwa, kumene dzuwa limatentha mpaka mbuzi kulowa pansi pa malole. Ine nthawi imeneyo ndinalibe china koma pakamwa. Ndinkapita m'mawa uliwonse, iye n'kundiona ndidakali pa mtengo wa mango.

"Mwamuna wanga waulesi uja wafika," ankauza amayi ogulitsa pafupi. "Vundikirani zitumbuwa."

"Mkazi wanga, wandiphikira chiyani lero?"

"Ndakuphikira chaja. Khala apo, usagwire kanthu."

Umu ndi mmene asuwani timasereulirana kwathu, ndipo mlendo akamva amaganiza kuti mawa tikatengerana kubwalo. Foni yanga yoyamba anandilumikizira yekha kuchokera ku mitembo ya mafoni atatu. Inkatentha ngati mbatata yootcha, koma gemu inkayenda. Tsiku loyamba lomwelo tinakangana pa funso limene ndinadzalimva m'dziko lonse: wamphamvu ndani?

Ine ndinati Mphenzi. Ndani sakanatero? Mkazi wa tsitsi loyera, woyamba nthawi zonse, amamenya adani onse anayi asanakhale n'komwe pansi. Elube anati Mlonda. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Mlonda ndi bambo wonenepa wa chishango, nkhonya yake payekha siingaphe ntchentche. Ntchito yake ndi imodzi: amasunga nkhonya zonse zimene gulu lake lalandira, ndipo ikafika nthawi yake amazibweza pamodzi. Anthu onse ankamuveka nsapato zopepuka kuti afulumire kutchinga anzake. Elube ankamuveka zachitsulo, zolemera kuposa zonse, kuti akhale womaliza.

"Abweza chiyani ngati anzake sanamenyedwe?" anatero. "Muleke aone zonse kaye."

Zimenezo ndinavomera, zinali ndi nzeru. Koma m'khosi anamuveka mkanda wobiriwira wa asing'anga, umene ntchito yake ndi kuwonjezera mphamvu ya kuchiritsa. Mlonda sachiritsa munthu. Zinali ngati kugulira ng'ombe wotchi.

"Nanga mkandawu ndi wa chiyani?"

"Ukumukhala," anatero. "Taona, akuoneka ngati munthu woti ali ndi kwawo."

Gemuyo ili ndi mwambo wake. Kamodzi patsiku ukhoza kubwereka msilikali wa mnzako kuti akuthandize pankhondo yovuta. Polembera mawu palibe. Chimene ungatumize kwa mnzako ndi kanyali kokha, kamphatso kakang'ono, kamodzi patsiku. Ine ndinkamutumizira osadumpha. Iye sanatumizepo.

"Nyali yanga ndipereke kwa iwe, ukaotche nayo tchire la anthu? Ndipo umve: ukabwereka Mlonda wanga, chitumbuwa chimodzi. Gemu ikuwerenga."

Ndinkamunyoza Mlondayo pagulu, n'kumamubwereka m'mawa uliwonse.

Kenako ndinakwera kumapiri kukafuna ganyu, ndipo ndili komweko kunagwa mvula ija anthu safuna kuitchula. Nditatsika, msika panalibe. Panali mchenga woyera, wosalala ngati wina wasesa, ndi nsonga ya mtengo wa mango uja. Kontena ya buluu ndinakaipeza kutali, m'munda wa munthu, itagona chammbali, m'kati muli matope ndi nkhanu. Ndinafunsa m'misasa yonse. Wina anati anamuona m'bwato. Wina anati ayi, wa m'bwato uja anali wamfupi. Wina anangondigwira paphewa. Amalume anali atatisiya kale, ndipo mudzi wathu madzi omwewo anaubalalitsa, moti panalibe khomo loti munthu n'kukasiyapo uthenga. Ndikaimba nambala yake, mayi wa pafoni uja ankandiuza mwaulemu kuti siikupezeka.

Koma Mlonda analipo.

Mwini gemu akatha mwezi osaitsegula, msilikali wake amachita mbuu, n'kusowa, osabwerekekanso. Ndinadikira. Mwezi unatha, Mlonda ali chiimire, chishango m'manja. Ndinavina pakati pa msewu mpaka woyendetsa lole anatsika kudzandifunsa ngati ndili bwino. Ndiye m'mawa wina kanyali kanafika.

Ndinakhala pansi pomwepo. Elube sangatumize nyali. Wotumiza nyali ndi munthu waulemu, munthu amene watola foni m'matope, waitsuka, wapezamo gemu ya malemu, ndipo akumvera chisoni mnzake wa malemuyo amene amabwera kudzabwereka tsiku ndi tsiku. Ndinatsegula zovala za Mlonda. Nsapato zachitsulo zinalipo, zolimbitsidwa kuposa kale. Mkanda wakale unali utachotsedwa. M'malo mwake munali watsopano, wosowa, wa nyenyezi zisanu. Wobiriwira. Wa asing'anga. Munthu wotola foni akanayamba n'kutaya chinthu chopanda ntchito chimenecho, osati kukafunanso china chochiposa.

Nyali inkati wafa. Mkanda unkati ali moyo. Ndinanyamula chikwama.

Zaka zimene zinatsatira sindizidziwa bwino kuti zinali zingati. Matauni amafanana ukawayenda ambiri: msewu umodzi, chigayo, ndi mthunzi umodzi pamene anthu aweramira mafoni ngati akupemphera. Ndikafika ndinkayamba ndapeza ntchito, kenako mthunziwo, kenako funso. Kufunsa dzina lake la m'gemu sikukanathandiza, chifukwa Elube anachita ulesi kusankha, gemu n'kungomupatsa manambala amene palibe angawakumbukire. Ndinkafuna munthu amene anaonapo Mlonda wovala chonchi.

Tauni yoyamba inali ya pamsewu waukulu, pamene mabasi amaima kuti anthu awongole miyendo. Ndinagulitsa mazira owiritsa. Ndinaphunzira kupinda timapepala ta mchere ndi dzanja limodzi, ndi kuponya chenji pawindo basi itanyamuka kale. Pasanapite nthawi madalaivala ankachepetsa liwiro akangoona chipewa changa. Mthunzi wa kumeneko unali khonde la a Chikaonda, ometa tsitsi.

"Akuluakulu, wamphamvu ndani?"

"Nyundo!" anatero a Chikaonda, makina ali m'mutu mwa munthu. "Nkhonya imodzi, maliro."

"Nyundo akamadzuka, Mphenzi wamaliza kale, wasamba, wadzola mafuta," anatero wometedwayo.

"Musagwedeze mutu, achimwene, ndingakudule khutu. Mphenzi amamenya anayi, inde, koma amangowakanda. Nyundo amasankha mmodzi n'kumutumiza kwawo."

"Akamuphonya?"

"Akamuphonya ndiye kuti inu ndi amene mukusewera."

Ndinawaonetsa Mlonda wobwerekayo. Foni inazungulira khonde lonse, ndipo aliyense amene inamufika anaseka.

"Womuveka uyu anali ataledzera," anatero a Chikaonda, "kapena ndi mdani wake."

"Simunakumanepo ndi woveka chonchi?"

"Tikanakumana naye tikanamupempherera."

Ndinapempha kuona gulu lawo. Nyundo anali atavala golide kuyambira kumutu mpaka kuphazi, atatu enawo ali opanda nsapato. Ndinati, "Bambo, inu muli ndi ana angapo, koma mumakonda woyamba." Khonde linaphulika. Wometedwa uja anadzuka theka la mutu lisanathe kuti andigwire chanza. A Chikaonda anandimeta ulere mpaka tsiku limene ndinachoka. M'mawa uliwonse kanyali kankafika, ine n'kumakayang'ana ngati njoka yalowa m'nyumba.

Tauni yachiwiri inali ya m'mapiri a tiyi, kumene nkhungu imatsika masana n'kumeza nyumba mpaka madenga. Ndinapalasa kabaza. Ndinaphunzira kutsetsereka ndi mayi ndi thumba lake la chimanga mabuleki atatha, chidendene chili pa tayala, ndikumuuza nkhani kuti asaone phompho. Palibe amene anagwapo panjinga yanga, kupatula m'busa wina amene anadumpha yekha. Mthunzi wa kumeneko unali pansi pa bulugamu, pamene akabaza amadikira anthu.

"Anzanga, wamphamvu ndani?"

Kumeneko sankamutchula Nyundo. Onse ankati Namwali wa Chisanu. Iyeyo samenya kwambiri, koma amene wamukhudza amauma gwa, nthawi yake n'kumudutsa ali chiimire.

"Mphenzi wako ndi Nyundo wakoyo," anatero Gelesomu, mnzanga wa kabaza, "mphamvu zawo n'za chiyani ngati nthawi yawo siifika? Amangoyang'ana ngati apongozi pa ukwati."

"Ndiye iwe uli naye?"

"Akubwera. Ndikumumva. Ali pansi pa chitsime pomwepa."

Gelesomu anali ataponya timiyala take tonse, Namwali osatuluka. Anayamba kugula timiyala. Anagulitsa belu, kenako khushoni, kenako njinga yonse. Tsiku lomaliza tinamuzungulira tonse pansi pa bulugamu. Anaponya. Madzi anawira, n'kusanduka agolide, ndipo wina anakuwa. Munatuluka Mlonda.

"Wonenepa uyu?" anatero Gelesomu. "Njinga yanga ndi wonenepa uyu?"

Anzathu anaseka, kenako anasiya. Ine ndinangoyang'ana Mlonda uja, watsopano, wopanda nsapato, khosi lili lokha. Sindinkadziwa kuti munthu wa m'foni angaoneke wamasiye. Ndinamubwereketsa Gelesomu njinga yanga masana aliwonse mpaka anagula yake, ndipo ndinamuonetsa kavekedwe ka nsapato zachitsulo. Za mkanda sindinamuuze. Zimenezo sizinali zanga.

Ndili m'tauni imeneyo kanyali kanasiya kubwera. Tsiku loyamba ndinati bola. Lachiwiri ndinatsegula foni kangapo. Kenako ndinapeza kuti miyendo yanga siikufuna kupalasa. Kanyali kamene ndinkadana nako kaja ndi kamene kankandidzutsa. Ngati anali mlendo, wapita ndi Mlonda. Ngati anali Elube, ndiye kuti madzi anamulephera koma china chamupeza. Ndinkabwerekabe m'mawa uliwonse, ndikuyang'ana ngati chishango chayamba kuchita mbuu. Nkhungu inkatsika, n'kukwera, n'kutsika. Mwezi usanathe kanyali kanabweranso, ndipo ndinanyamula anthu ulere tsiku lonse, ndikuimba.

Tauni yachitatu inali ya pamalire, ya malole ataliatali ndi zinenero zosakanikirana. Ndinalowa mu nsapato za kaunjika. Ndinaphunzira kudziwa belo labwino poligogoda ndi bondo, ndi kupezera nsapato ya kumanzere mnzake ngakhale atachokera mayiko awiri. Kumeneko ndi kumene dzina langa linayamba kumveka, ndipo minibasi yoyamba inachokera m'nsapato zimenezo. Mthunzi wa kumeneko unali khonde la a Zakeyu, telala wa mashini yopondaponda.

Sindinafunike kufunsa. Chitsime chinali chitangotulutsa watsopano, Mfumukazi ya Njuchi, ndipo tauni yonse inkalankhula za iyeyo. Njuchi zake zimaluma pang'onopang'ono nthawi iliyonse, ngakhale nthawi ya adani, ngakhale iye mwini atauma ndi chisanu.

"Mphenzi? Ine sindinamukondepo ameneyo," anatero munthu amene sabata yapitayo anali ndi chithunzi cha Mphenzi pafoni.

"Namwali aumitse njuchi imodzi imodzi, tione," anatero wina.

"Nyundo amenye njuchi ndi nyundo, aphwanye nyumba yake yomwe."

Ndinali nditazolowera. Wamphamvu wa chaka chino ndi wonyamula katundu wa chaka chamawa, ndipo amene ankamutamanda amaiwala msanga kuposa adani ake. A Zakeyu sanalowe mkanganowo. Ankasewera foni ili pa mashini, ulusi uli kukamwa. Ndinasuzumira chifukwa ndi chizolowezi changa. Mlonda wawo anali ndi nsapato zachitsulo.

"Bambo, anakuphunzitsani ndani zimenezi?"

"Dalaivala wina wa lole, ndinamusokera zipi ya jekete. Anati muleke aone zonse kaye."

Anali mawu a Elube, osasintha ngakhale limodzi. Koma khosi la Mlonda wa a Zakeyu linali ndi mkanda wofiira wa nkhondo, woyenera, wanzeru. A Zakeyu ndi munthu woyeza kawiri asanadule, ndinaona pomwepo, ndipo sakanasunga chopanda ntchito.

"Anakuuzani kanthu za mkanda?"

"Wake unali wolakwika. Ndinamuchitira ulemu, sindinamuuze."

"Wamtundu wanji?"

Anachotsa ulusi kukamwa. "Wobiriwira."

"Lole yake imanyamula chiyani?"

"Mbatata ya kachewere, kuchokera kumtunda."

Ndinasiyira nsapato mnzanga wina wokhulupirika, ndinayatsa minibasi, n'kulowera kumene kumachokera mbatata.

Msewu umenewo ndimaukumbukira ngati munthu akukwera mtsinje kufuna kumene umatumphukira. Pamalo oyamba ndinapeza Mlonda mmodzi wa nsapato zachitsulo pakati pa anthu khumi, ndipo ankamuseka. Pamalo ena anali atatu, ndipo osekawo anali ochepa. Kwina ndinapeza mkanda wobiriwira weniweni m'foni ya wogulitsa makala.

"Mkandawu ndi wa chiyani, achimwene?"

"Ndi mmene amavalira."

"Anakuuzani ndani?"

"Aliyense amadziwa."

Mphepo inayamba kuzizira, nthaka n'kufiira, minda ya mbatata n'kuyamba kukwera mapiri m'mizere. Ndinkaima paliponse pamene pali mthunzi. Ndinkafunsa funso lomwelo, ndipo dzina la Mlonda linayamba kutchulidwa, poyamba mwamanyazi, kenako mokweza. M'mawa uliwonse kanyali kankafika, ndipo ndinkadziuza kuti mwina ndikupita kukapeza bambo waulemu wa ndevu amene anatola foni, amene anangotengera kavalidwe ka malemu ndi mawu amene anamva kwa ena. Ndinkakonza zimene ndidzamuuze. Ndinkafuna kudzamuthokoza osalira.

Tauni yomaliza inali yatsopano, malata adakali owala, mitengo idakali yaifupi. Anthu ake ankalankhula ngati a kuchigwa. Anali ena mwa obalalika aja, atapatsidwa malo kumtunda. Mthunzi wa kumeneko unali chisakasa cha Mayi Nasimango, okazinga tchipisi.

"Mayi, wamphamvu ndani?"

"Mlonda," anatero, osacheuka n'komwe.

"Mlonda," anatero bambo wina mbale ili m'manja.

"Nanga Mfumukazi ya Njuchi?"

"Imamuvuta, eya," anatero Mayi Nasimango. "Mbola si nkhonya, ndiye alibe chosunga. Koma inu mwafunsa wamphamvu, simunafunse wopambana."

Anandipatsa foni yawo yonona mafuta. Nsapato zachitsulo. Mkanda wobiriwira.

"Mayi, Mlonda sachiritsa munthu. Mkandawu ndi wa chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ntchito ya chitenje.

"Ukumukhala."

Ndinagwira mtengo wa chisakasa. "Mawu amenewo munawamva kwa ndani?"

"Kwa mayi wokonza mafoni, kuseri kwa chigayo. Mwatani, bambo? Khalani pansi."

Sindinakhale. Kuseri kwa chigayo kunali kanyumba ka matabwa, chitseko chake chopakidwa penti ya buluu. Mayi wina anali ataweramira foni yotsegula, kachitsulo kowotcherera kali m'manja, mwana ali kumbuyo. Anali atanenepa pang'ono. Padzanja lamanzere panali chipsera chachitali chimene sindinkachidziwa. Zonse zimene ndinakonzera bambo wa ndevu uja zinandithawa, ndipo chinatuluka n'chimene pakamwa panazolowera.

"Mkazi wanga, wandiphikira chiyani lero?"

Kachitsulo kanaima. Sanadzutse mutu.

"Vundikirani zitumbuwa," anatero, koma mawu anamuthyokera pakati.

Sindinena zimene zinachitika pamenepo, chifukwa ndine munthu wodziwika. Ndingonena kuti mwanayo anadzuka n'kuyamba kulira, ndipo iyeyo ndi amene anasiya msanga.

"Wachedwa," anatero Elube akupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. "Nyali zonse zija sunkaziona?"

"Ndinkaziona. N'zimene zinkandipha."

"Zinkakupha bwanji?"

"Iwe sutumiza nyali. Ndinati foni watola munthu wina."

Anandiyang'ana pakamwa pali yasa. "Chitsiru iwe! Ndikanakuuza bwanji kuti ndili moyo? Ndiimbe belu? Ndinameza manyazi anga onse, n'kutumiza nyali kwa munthu ngati iwe, m'mawa uliwonse, ngakhale kukwera chulu kufuna netiweki, ndiye iwe ukuti ndafa?"

"Ukanapanda kutumiza ndikanadziwa kuti ndiwe."

"Tamumvani! Amayi inu, tabwerani mudzamve mwamuna wanga!"

Mayi Nasimango anali atafika kale ndi chipande chawo, ndipo anaseka mpaka kukhala pa thumba la gaga. Elube anandiuza zonse atandikhazika pa ndowa yozondotsa. Anapulumukira pa denga la tchalitchi. Foni inapita ndi madzi pamodzi ndi manambala onse. Gemu anaibweza pa foni ina chifukwa mawu achinsinsi anali m'mutu.

"Nanga nambala yanga sinali m'mutu?"

"Nambala ya munthu amene sanandigulirepo mayunitsi ndiisunge ya chiyani?"

"Nanga nthawi ija nyali inasiya?"

Anagwedeza mwana kumbuyoko. "Funsa uyu. Anabwera movuta. Bambo ake ali kumunda, uwaona madzulo. Akudziwa kuti ndili ndi mwamuna wina waulesi amene akuyendayenda."

"Iwe sunkada nkhawa za ine?"

"Za iwe? Mlonda ankabwerekedwa m'mawa uliwonse. Wakufa sabwereka."

Ndinamufunsa ngati anaphunzitsa dala anthu onse aja kuti mkandawo undifike kulikonse kumene ndili. Anati ayi, ankangowaphunzitsa kuvala bwino. Koma ananena zimenezo akuyang'ana pansi, ndipo ine, monga ndanena, ndimadziwa anthu.

"Ndiye wayenda dziko lonse," anatero. "Wamphamvu ndani?"

"Mphenzi."

"Tuluka m'nyumba mwanga."

Zoona zake, ndikuuzani inu, n'zakuti Mfumukazi ya Njuchi imawagonjetsa onsewo masiku ambiri, ndipo ndamva kuti chitsime chikukonza wina woti adzaigonjetse. Koma zimenezo pamaso pa Elube sindinena, ndipo dzina la Mlonda sindingamupatse ulere.

Anatsegula foni yake, n'kundionetsa pakona pa chishango, pamene gemu imalemba kuti msilikali wabwerekedwa kangati.

"Zitumbuwa zanga."

"Msuwani, unkanena zoona?"

"Ndinakuuza kuti gemu ikuwerenga."

Wina akanapempha kuti amuchotsereko. Ine ayi. Ndinazungulira tauni yonse ndi midzi iwiri yoyandikana nayo, n'kuuza mayi aliyense amene ali ndi chiwaya kuti Loweruka m'mawa ayatse moto. Nthochi zakupsa zinatha mpaka kuseri kwa phiri. Ndinachotsa mipando m'minibasi, n'kulowetsa mabeseni. Pofika kuseri kwa chigayo ndinaliza hutala kuti amene akugona adzuke. Anthu anabwera ndi mbale, ena ndi zipewa, sukulu ya Loweruka ya kwaya inatha yokha. Elube anakhala pampando pakhomo, mwana ali pamwendo, n'kumawerenga beseni ndi beseni, osalola chitumbuwa chichoke chisanadutse pamaso pake. Amuna ake ankathandiza kunyamula, akuseka okha.

Beseni lomaliza litatha, ndinatenga chimodzi chimene ndinadzisungira m'thumba, n'kuluma.

"Chasowa chimodzi," anatero Elube.

"Sizingatheke. Ndinawerenga ndekha."

"Unawerenga liti?"

"Dzulo madzulo."

Anatembenuza foni kuti anthu onse aone. "Nanga lero m'mawa wabwereka ndani?"

Ndinayang'ana chimene chinali m'dzanja langa. Anatambasula lake. Ndinachiikamo, iye n'kuchidya pamaso panga, pang'onopang'ono, osandigawira. Ngongole inathera pamenepo: zitumbuwa 1,301, chomalizacho cholumidwa kale.